Lachitatu kwa madala oumba mapoto

Malume anandituma m'mawa kuseri kwa msika wa Ulongwe, ndi kachitsulo kothyoka kogwira chopondera cha njinga yawo yamoto, ati madala oumba mapoto akaumbe kena.

Madala anakatembenuza m'manja. "Mwanawe, apa palibe ntchito. Aluminiyamu ndi aluminiyamu basi." Pamenepo n'kuti mapistoni akale akusungunuka pa makala, zikombole za mchenga zili chire. Mapoto awo sindiwanyoza, amayi akuphikirabe lawo. Koma poto silinyamula munthu pa mabampu a msewu wa ku Dómuè.

Ndinatola chibenthu cha poto pansi. Pothyokapo panali timabowo ndi njere zokhakhala. Aluminiyamu akamazizira payekha amauma mochita nthambi, ndipo silikoni amene anasakanizidwamo amatsalira pakati pake ali wosongoka. Mng'alu umayambira pomwepo.

Ndinawafotokozera zomwe tinaphunzira kusukulu ku Tete. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, gulu la wasayansi Merton Flemings ku yunivesite ya MIT ku America linavundula chitsulo chili mkati mouma, nthambi zija n'kusanduka njere zobulungira. Lero mafakitale amatenga aluminiyamu wa mtundu wa A356, wokhala ndi silikoni 7 pa 100 ndi maginiziyamu pang'ono, n'kumutenthetsa cha m'ma madigiri 580. Theka louma, theka lamadzi. Amakhala ngati nsima: mpeni umadula, koma mukamukankha amalowa m'chikombole mwaulemu, osameza mpweya.

Phindu lagona pa kusameza mpweyako. Chopangidwa chotere chimapirira moto wachiwiri, umene amati T6. Amachiotcha maola angapo pa madigiri 540, silikoni n'kubulungira, kenako n'kuchiponya m'madzi. Akachibwezera pa madigiri 160 kwa maola ena, maginiziyamu ndi silikoni amapanga tinthu tating'onoting'ono tomwe timachiumitsa. Chikakhala kuti chinameza mpweya, pa 540 paja chimangotuluka matuza.

Madala anaseka. "Ine ndimayeza ndi maso." Apa ndiye sitinagwirizane. Chitsulo cha khasu chimafiira n'kukuchenjeza, koma aluminiyamu safiira zooneka masana. Ndipo kuchoka pa 540 kufika pomwe A356 amayamba kusungunuka ndi pafupi kwambiri, mvukuto sungasunge malire amenewo.

Anakhala phee pang'ono, kenako anandibwezera kachitsuloko. "Ukawauze amalume ako akagule chakufakitale. Mwendo sitiumba kuno."

Malume akuti awoloka Loweruka kukachifuna ku Dedza.