Phungu amene anamangidwa ali pa mpando: zimene ndaphunzira pa nkhani ya a Manuel Chang

Ntchito ya m'kalasi ya gawo lino inali yoti aliyense asankhe phungu mmodzi wa Assembleia da República, Nyumba ya Malamulo ya dziko lathu la Mozambique, ndi kulondola mbiri yake. Anzanga ambiri anathamangira aphungu olongolola aja timawamva pa wailesi. Ine ndinasankha a Manuel Chang, amene anthu amawakumbukira ngati nduna, n'kuiwala kuti tsiku limene ankamangidwa anali phungu wa Frelimo, chipani cholamula.

Unduna wa zachuma anaugwira kuyambira 2005 mpaka kumayambiriro kwa 2015, nthawi yonse ya ulamuliro wa a Armando Guebuza. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma anakongola ndalama ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB: ProIndicus madola 622 miliyoni, Ematum 850 miliyoni, MAM 535 miliyoni. Ankati ndi zogulira maboti ophera nsomba ndi olondera nyanja. A Chang ndiwo anasaina kuti makampaniwo akadzalephera kubweza, boma lidzabweza. Boma likati lidzabweza, ndiye kuti ndi inu ndi ine.

Apa ndi pamene aphunzitsi athu anatikhazika nthawi yaitali. Lamulo la bajeti limaika malire a ngongole zimene boma lingaimire pa chaka, ndipo wofuna kupyola malirewo ayenera kukapempha ku Nyumba ya Malamulo. A Chang anapyola osapempha. Kenako, atachoka pa unduna, anakakhala m'Nyumba yomweyo imene anailambalala. Mu Epulo 2017 aphungu a chipani cholamula anavomereza malipoti a chuma cha boma momwe ngongole za ProIndicus ndi MAM zinali zitalowetsedwa, ngati kuti zinabwera mwa njira yake. Ndinawerenga ndimeyi mobwereza, kuganiza kuti Chipwitikizi chandisokoneza. Ayi, ndi mmene zinachitikira.

Ife kuno ku Angónia nkhaniyi tinaimva ndi thumba tisanaimve ndi makutu. Ngongole zobisikazo zitaululika mu Epulo 2016, IMF inaimitsa thandizo, maiko othandiza bajeti nawo anatseka mipope, metikali inagwa chagada. Dola imene kumayambiriro kwa 2015 inkagulidwa ndi mametikali osafika 35 inapitirira 70 chaka cha 2016 chisanathe. Malume anga amalima kachewere cha ku Tsangano. Chaka chimenecho ndinawaperekeza ku Ulongue kukagula feteleza, ndalama atazikulunga m'kansalu monga mwa masiku onse. Anawerenga, kuwerenganso, wogulitsa akungoyang'ana kumbali, mapeto ake tinakweza pa njinga matumba ochepa kuposa amene anawerengera. Sankadziwa kuti Ematum n'chiyani. Ankangoti ndalama yapepuka.

Mutu weniweni wa ntchito yanga unali chitetezo cha phungu. Malamulo athu salola kuti phungu amangidwe kapena kuimbidwa mlandu popanda chilolezo cha Nyumba, pokhapokha atagwidwa m'kati mwa cholakwacho. Cholinga chake n'chabwino: phungu azidzudzula nduna, ngakhale pulezidenti, osaopa kuti apolisi amudikirira pa chipata. Koma taonani mmene chinagwirira ntchito apa. Pa 29 Disembala 2018 a Chang anagwidwa pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, dziko la America litapempha pa mlandu wa ngongole zija. Boma lathu nalo linati munthuyo ndi wathu, tipatseni tidzamuweruze kuno. Mu Meyi 2019 nduna ya zachilungamo ya ku South Africa, a Michael Masutha, inavomera kuti abwerere ku Maputo. Amene analowa m'malo mwawo, a Ronald Lamola, anakaitsutsa nkhaniyo ku khoti: mukumubweza bwanji munthu kwawo kumene mpando wake ukumutchinga ku mlandu? Mu Julayi 2019 a Chang anatula pansi uphungu, koma madzi anali atatayika kale. A Lamola omwewo anadzatembenuka mu 2021 n'kunena kuti apite ku Maputo. Mabungwe a Fórum de Monitoria do Orçamento, amene amalondola bajeti ya boma, anathamangira ku khoti, ndipo khoti linagamula kuti apite ku America. Anawatumiza mu Julayi 2023, khoti la ku Brooklyn linawapeza olakwa mu Ogasiti 2024, ndipo mu Januwale 2025 anawalamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Ziphuphu zimene analandira zinali madola 7 miliyoni.

Maganizo anga, amene ndinalembanso m'ntchitoyo, ndi akuti chitetezocho sichinalakwe pachokha. Vuto lili pa mwini mpando. Mwa aphungu 250 a dziko lino, palibe amene tinamusankha ndi dzina. Timavotera chipani, chipani n'chimene chimandandalika maina a chigawo chonse, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda ndiye amalowa. Mukaoloka pa Calómuè kulowa ku Dedza, mayi wogulitsa tomato akuuzani dzina la phungu wake, mudzi wa kwawo, ndi mlatho umene analonjeza osamanga. Sindikuti kumeneko kulibe akuba, alipo ndithu. Koma amadziwa khomo lokagogoda. Kuno funsani pa msika wa ku Dómuè kuti aphungu a Tete ndani, muona anthu akuyang'anana. Phungu wotere amaopa amene amalemba mndandanda, osati malume anga.

Chinthu chimodzi chinali chachilendo kwa tonse m'kalasi. Malamulo aakulu a dziko amalola nzika 2,000 kusaina ndi kukapempha Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo aakuluwo, kuti liunike ngati chinthu chachitika motsata malamulo. Mabungwe aja anadzera njira imeneyi, ndipo bwalolo linagamula mu 2019 kuti ngongole ya Ematum n'njosavomerezeka, mu 2020 linateronso pa za ProIndicus ndi MAM. Zimene aphungu anavomereza, anthu wamba anakazigwetsa ndi cholembera. Komabe ngongole ya Ematum inali itasinthidwa kale kukhala ngongole ya boma, ndipo mu 2019 momwemo anaikonzanso kukhala ya madola 900 miliyoni, yoti idzathe kubwezedwa mu 2031.