Maola awiri omwe anandipatsa makiyi

Ku ofesi kwathu ku City Centre aliyense ankadziwa kuti ine sindioneka 8 koloko isanakwane. Mlandu ndi wa minibasi za ku Area 25, zomwe sizinyamuka mpando umodzi ukadali wopanda munthu.

Tsiku lina abwana anati ndiyese database yathu ya PostgreSQL, pulogalamu yomwe imasunga zolemba zathu pa kompyuta, tione ngati ingapirire anthu ambiri atalowa nthawi imodzi. Ndinagwiritsa ntchito pgbench, kachida koyesera database yotereyi. Kachida kameneka kamalemba mu log, kaundula wake wa zochitika, nthawi ya chilichonse chomwe kachita, koma osati ngati wotchi yapakhoma ayi. Kamawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndiye umangoona manambala khumi ondondozana ngati nambala ya foni. Abwana sakanawerenga zimenezo. Ndinayenera kuwasandutsa nthawi yomveka, ya kuno kapena ya UTC, nthawi yomwe mayiko onse amayezerapo nthawi zawo. Ndinasankha UTC kuti ndioneke katswiri, n'kuiwala kulemba pamwamba kuti ndi UTC. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri.

Mayesowo ndinayamba 8:10, nditangotula chikwama, thukuta lili kamukamu. Lipoti linati 06:10.

Pamsonkhano wa Lolemba abwana anaimirira, pepala lili m'manja. "Taonani mnzanuyu! Inu mukadali m'bulangete, iye ali kale pa kompyuta." Anthu anawomba m'manja. Apa ndiye pomwe ndikanaulula. Pakamwa panatseguka ndithu, koma mawu omwe anatuluka ndi akuti, "Zikomo bwana, timayesetsa."

Madzulo ake anandiitana n'kundipatsa makiyi. "Poti mumalawirira kale, muzitsegula ndinu, mayi okolopa asamadikire panja."

Uno ndi mwezi wachitatu ndikudzuka 4 koloko, kusamba madzi ozizira, kukaima pasiteji limodzi ndi amayi opita kukapikula tomato. Akazi anga akuuza anzawo kutchalitchi kuti ndakwezedwa pantchito. Cholakwikacho ndinachikonza tsiku lomwelo, mzere umodzi basi, Africa/Blantyre, dzina la nthawi ya kuno pa kompyuta (inde, makompyuta sadziwa kuti likulu linabwera ku Lilongwe), koma makiyi sanabwerere.

Amene akudziwa zoona ndi alonda apageti, omwe tsiku lija anandilembetsa m'buku lawo 8:05. Kwa abwana sananene kanthu. Amangondilonjera m'mawa uliwonse kuti, "Mwadzuka bwanji a 6 koloko?" ndipo Fanta wawo wa Lachisanu ndimagula ndine.