Nkhuku Zikayamba Kuthothoka Nthenga

Anthu ambiri akaona thadzi lasanduka ngati lozulidwa ndi galu amathamangira kuganiza zoti kwagwa matenda, koma ayi ndithu, nthawi zambiri imakhala ikungosintha nthenga basi. Zimachitika kamodzi pa chaka, kuyambira nkhuku ikafika miyezi pafupifupi 18, makamaka masiku akayamba kufupika poti kuwala kukachepa thupi limaona kuti yakwana nthawi yopuma kuikira nkumera nthenga zatsopano kuzizira kusanafike. Zimayambira kumutu ndi khosi, kenako chifuwa, msana, mapiko, mchira kumapeto. Ina imangogwetsa pang'onopang'ono mpaka osazindikira, ina mmawa mukatsegula khola mumapeza nthenga mbweee pansi ponse.

Mazira nawo amasowa, ndipo musaikalipire nkhuku yanu. Nthenga ndi mapulotini pafupifupi zonse, ndiye thupi silingakwanitse ziwiri nthawi imodzi, limasankha nthenga. Zimatenga masabata 8 mpaka 12, zina kupitirira. Ine ndimaona kuti kuionjezera chakudya cha mapulotini ochuluka, cha ma 20 peresenti m'malo mwa 16 peresenti ya chakudya cha nkhuku zoikira, kumathandizadi.

Nthenga zongomera zija zimaoneka ngati timinga, mkati muli magazi ndipo zimapweteka, choncho osamainyamula nyamula. Kusowa madzi, njala kapena kusamutsidwa khola kumathanso kuyambitsa zimenezi nthawi yosayenera. Koma mukaona khungu lofiira, zilonda kapena tizilombo tikuyenda pansi pa mapiko, amenewo ndi utitiri kapena zinzake zikuijompha, pamenepo ndiye pafunika kuchitapo kanthu msanga.