Mbiri ya moyo wanga, Gawo 11: Kiyibodi yopanda ng'oma

Sabata yatha ndinakusiyani ndili pa ntchito ya m'dimba ku Randburg kuno ku South Africa, kwa agogo achizungu aja amene ankanditchula mnyamata ngakhale ndevu zinali zitandidzaza kale pachibwano. Lero timve za katundu amene ndinatuluka naye m'galaja mwawo mu 2014, pamene ankasamukira kunyumba yosungirako okalamba.

Tinali pa kalikiliki wosankha zotaya ndi zogulitsa. Kuseri kwa makatoni a mabuku kunali chikwama chachitali, fumbi lokhalokha. Nditatsegula ndinapeza kiyibodi yoderako, timabatani take tobiriwira ngati timapepala tomata, pamwamba palembedwa Yamaha DX7. Agogo anati inali ya mwana wawo amene ankaimba m'bandi asanapite kunja. "Paja unati umaimba kutchalitchi kwanu? Tenga."

Chitsulo chimenechi chimalemera makilogalamu 14. Mu takisi ya ku Cosmo City ndinalipira mipando iwiri, ndipo mayi wina ananditukwana m'Chizulu njira yonse chifukwa chikwama chinkawagunda bondo pa hampu iliyonse. Sindinadandaule. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale bandi.

Muyenera kudziwa kiyibodi imene ine ndinakulira. Kukwaya yathu ku Ndirande tinali ndi ka Casio kokhala ndi masipika akeake. Ukadina batani limodzi ng'oma zimayamba zokha, ukagwira kodi kumanzere besi imatsatira, iwe n'kumangokometsera ndi dzanja lamanja uku ukugwedeza mutu ngati katswiri. Ndiye nditafika m'kachipinda kathu ndinayamba kufunafuna batani la ng'oma. Palibe. Masipika nawo palibe. Achimwene a kwa amalume, amene tinkagawana nawo lendi, ankandiyang'ana akusenda anyezi.

"Ndiye mwasenza chinthu chonsechi kuchokera ku Randburg, chosalankhula? Akupatsani zinyalala kuti mukawatayire, inu n'kuthokozanso."

Ndinagula waya n'kuilumikiza ku wailesi yawo. Inayaka ndithu, koma pa kagalasi kake panatuluka zilembo zosokonekera ngati za mwana amene wangoyamba kugwira choko. Makiyi ena ankalira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo, ena zii. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola.

Yemwe anandimasula ndi bambo wina wokonza mawailesi ndi ma amplifaya m'tauni. Atamasula zomangira n'kutukula chivindikiro anandilozera kabatire kozungulira ngati khobidi, ka CR2032, kowotcherera pa bodi. Kameneko ndi kamene kamasunga mawu 32 a m'kati mwa makinawa akakhala ozima. Kakatha, mawu onse amabalalika. Anaikamo kena, koma anandiuza mosabisa kuti batire yatsopano siibweza zimene zinatayika. Yamaha inkagulitsa DX7 pamodzi ndi timakatiriji ta mawu tolowetsa pamwamba, koma m'chikwama muja munalibe ngakhale kamodzi.

Zinanditengera masabata atatu. Mawu oyambirira a kufakitale amapezeka pa intaneti, ndipo umawatumiza kuchokera pa laputopu kudzera pa waya wa MIDI, njira yolankhulitsana zida zoimbira imene inatuluka mu 1983, chaka chomwecho DX7 inatuluka. Waya wotchipa umene ndinayamba kugula unkadula uthenga panjira. Wachiwiri unali bwino, koma sindinkadziwa kuti uyenera kuyamba wazimitsa chitetezo cha memory, apo ayi makina amangokana mwakachetechete. Usiku wina cha m'ma 11, achimwene ali m'tulo, kagalasi kaja kanasintha. Mayina enieni anaoneka. Ndinadina nambala 11, E.PIANO 1, n'kugwira kodi ya F.

Abale, ndinachita tsembwe thupi lonse.

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi omwe ankatuluka m'botolo sitolo ya kuseri kwa nyumba yathu ndili mwana, m'nyimbo za ku South Africa zija za m'ma 1980 zimene kuno amazitcha bubblegum, ndi m'nyimbo zachikondi za ku America zimene alongo anga ankajambula pa kaseti kuchokera pa wailesi. Piyano yonyezimira ngati galasi, ukaigunda mwamphamvu imaluma, ukaisisita imafewa. Ndinapita pa 15, besi, ndipo ndinaona maso ndi maso madiresi a paukwati akuzungulira m'fumbi. Pa 22 pali marimba, pa 26 mabelu a tchalitchi. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti oimba aja anali ndi zida zambirimbiri m'situdiyo, osadziwa kuti zambiri zinkachokera m'bokosi limodzi longa ili linali pamiyendo panga. Pa 29 pali wezulo ya lefali, pa 31 sitima yapamtunda. Sitimayo ndi imene inadzutsa achimwene.

Chimene chinandizunguza mutu pambuyo pake n'chakuti m'kati mwa DX7 mulibe piyano yojambulidwa ngakhale pang'ono. Muli timagwero ta mawu 6, amati ma operator, ndipo kalikonse pakokha kamangolira mluzu wosalala wopanda kukoma. Koma kamodzi kakamagwedeza kanzake mothamanga kwambiri, mluzu uja umasanduka belu, besi kapena chitsulo. Njirayi amaitcha FM. Anaitulukira John Chowning ku yunivesite ya Stanford m'ma 1960, ndipo Yamaha inagula chilolezo choigwiritsa ntchito. Masinthesaiza akale, makiyibodi opanga mawu ndi magetsi, monga Minimoog ya Robert Moog, ya 1970, anali ndi tizipukuso tambiri: ukapukusa, khutu limamva pomwepo zimene wasintha, ngakhale ankaimba noti imodzi yokha pa nthawi. DX7 imaimba manoti 16 nthawi imodzi, koma pokonza mawu inakupatsa kotsetsereka kamodzi ndi kagalasi kosawala n'komwe mumdima. M'maganizo mwanga apa Yamaha inatilakwira. N'chifukwa chake oimba ambiri ankangogwiritsa ntchito mawu a kufakitale, ndipo n'chifukwa chakenso ine mwana wa ku Ndirande ndinawazindikira msanga chotero.

Ndinayesa kupanga anga. Loweruka lonse ndinkasintha manambala osadziwa chimene ndikuchita, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati zivindikiro za mapoto zikugwa pa simenti. Ndinachisunga pa nambala 32 n'kuchipatsa dzina la achimwene.

Masiku ano anyamata a pabwalo pathu amapanga amapiano pa kompyuta ndi pulogalamu ya FL Studio, ndipo pali pulogalamu yaulere yotchedwa Dexed imene imatsanzira DX7 mpaka kuwerenga mawu ake omwewo. Mmodzi anabwera kudzaona yangayi, anainyamula pang'ono, n'kundifunsa kuti ankolo mumadzizunziranji. Ndinamupatsa kuti agwire makiyi. Sanachoke mpaka magetsi atazima.

Koma ndathamangira kutsogolo. Mu 2014 muja mbiri inafika kwa abusa a mpingo wathu wa Amalawi kuti ndili ndi kiyibodi yaikulu ya azungu. Anandiimbira Lachisanu madzulo.

"Achimwene, Lamlungu mubwere nayo. Woimba ng'oma wapita kumudzi ku maliro, ndiye mudzangotiyatsira za m'kiyibodimo."

Ndinati chabwino abusa. Za Lamlungu limenelo tikumane gawo lotsatira.