Pomwe Madalaivala a Mpikisano Amapindira Malamulo

Mikangano yochuluka ya mu Formula 1, mpikisano wapadziko lonse wa magalimoto othamanga, imabadwira pakachigawo kamodzi ka msewu, kuchokera pomwe dalaivala waponda mabuleki kukafika pakatikati pa kona, pamene anthu a masewerawa amati apex. Pa liwiro la makilomita 300 pa ola, galimoto imayenda mamita 83 pa sekondi imodzi. Munthu akachedwa kuponda mabuleki ndi gawo limodzi la magawo 10 a sekondi, wapitirira kale ndi mamita 8, chonsecho galimoto yakeyo siyikwana mamita 6 m'litali. Funso loti ndani anali kutsogolo ndipo ndani anapanikiza mnzake limayankhidwa pakamtunda kameneka.

Gwero la zonse ndi tayala. Mphamvu yake yogwira pansi ili ndi malire, ndipo imagawidwa pa ntchito ziwiri: kuimitsa galimoto ndi kuikhotetsa. Dalaivala akaithera yonse pa mabuleki, yokhotera imakhala palibe. N'chifukwa chake waluso amaponda mwamphamvu galimoto ikadali yowongoka, kenako n'kumamasula phazi pang'onopang'ono kwinaku akupinda chiwongolero. Akakakamiza zonse ziwiri nthawi imodzi, tayala lakutsogolo la mbali ya mkati, lomwe lapepukidwa chifukwa kulemera kwapita mbali ya kunja, limasiya kuzungulira n'kuyamba kukhukhuluzika. Utsi woyera umatuluka, galimoto imapita molunjika, ndipo tayalalo limadyeka malo amodzi n'kumanjenjemeretsa galimoto mpaka atakalisintha.

Tsopano taganizani magalimoto awiri akulowa pakona limodzi. Wa mkati akafuna kudutsa mwachilungamo, amachedwetsa mabuleki pang'ono koma amatsala ndi mphamvu yokhotera. Wosasamala amangodziponya ndi liwiro loti sangakhote nalo, n'kusiyira mnzakeyo chisankho: apatuke kapena awombane. Ayrton Senna ankadziwika ndi kaikidwe kotere ka mnzake pampanipani, ndipo m'badwo uno dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Max Verstappen. Luso la anthu awiriwa palibe angalitsutse. Chomwe ndimakana ine n'choti kudutsa kuwerengedwe kwabwino pamene kwatheka kokha chifukwa winayo anasankha kupulumutsa magalimoto onse awiri.

Bungwe la FIA, lomwe limayang'anira masewerawa, linayesa kuthetsa nkhaniyi polemba malangizo a oweruza, ndipo mu 2025 linawatulutsa poyera. Wodutsa cha mkati ayenera kuti matayala ake akutsogolo afike pagalasi loonera kumbuyo la mnzake asanalowe pa apex ndi pa apex pomwepo, galimoto ili m'manja mwake bwinobwino. Wodutsa cha kunja udindo wake ndi wolemera: matayala ake akutsogolo akhale patsogolo pa a mnzake pa apex. Papepala zikumveka bwino. Vuto lake, mukangouza madalaivala kuti chigamulo chili pamfundo imodzi ya kona, onse amathamangira mfundo yomweyo. Wotchinga yemwe ali mkati amamasula mabuleki msanga kuti mphuno ya galimoto yake ifike pa apex poyamba, ngakhale akudziwa kuti potuluka sakwana mumsewu. Akatero kona yasanduka yake, ndipo wa kunja alibenso ufulu wopatsidwa malo.

Izi zinaoneka poyera ku Austin mu 2024, pakona ya 12. Lando Norris anali kunja, Verstappen mkati, onse awiri anatuluka mumsewu, Norris anatulukira kutsogolo, ndipo chilango cha masekondi 5 chinagwera Norris chifukwa chodutsira kunja kwa mzere woyera wosonyeza malire a msewu. Zofanana nazo zinachitika ku São Paulo mu 2021 pakona ya 4, pamene Verstappen ndi Lewis Hamilton anatuluka onse ndipo oweruza sanalange aliyense. Patangotha sabata imodzi kuchokera ku Austin, ku Mexico City, Verstappen analandira zilango ziwiri za masekondi 10 pomenyana ndi Norris yemweyo. Woonera angadabwe kuti malire ali pati, ndipo sakulakwa kudabwa.

Choopsa kwambiri kuposa izi ndi kusuntha galimoto mabuleki atapondedwa kale. Lamulo limalola wotchinga kusintha mbali kamodzi kokha, ndipo akamabwerera kunjira yake yolowera pakona ayenera kusiya mpata wokwana galimoto imodzi pakati pake ndi m'mphepete mwa msewu. Chifukwa chake ndi ichi. Galimoto ya kumbuyo ikuyenda mumphepo yovunduka yochokera ku ya kutsogolo, choncho mapiko ake, omwe amagwiritsa ntchito mphepo kuti matayala agwire msewu, sakuikanikizira pansi mokwanira. Dalaivala wake wasankha mbali, waponda mabuleki mpaka pamalire a matayala. Wa kutsogolo akasunthira mbali yomweyo panthawi imeneyi, wa kumbuyo alibe chotsala choti apatukire. Ndipo magalimotowa matayala ake ali pamtunda, osaphimbidwa. Tayala lakutsogolo likakwera lakumbuyo la mnzake, lomwe mbali yake ya kumbuyo ikuzungulira chokwera, galimoto imanyamuka. Amene anaona Mark Webber akuuluka chagada ku Valencia mu 2010 atagunda kumbuyo kwa Heikki Kovalainen akudziwa kutalika kwa ulendo wotere, ngakhale kuti ngoziyo inadza chifukwa cha kusiyana kwa liwiro. Mu 2016 madalaivala anzake anadandaula kwambiri za kasunthidwe ka Verstappen pa mabuleki, ndipo ku Austin chaka chomwecho FIA inalengeza kuti mchitidwewu uzikaonedwa ndi oweruza.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti pagona nkhani yonse: chilango cha masekondi chasanduka mtengo wogulira malo. Timu iliyonse ili ndi anthu okhala pamakompyuta owerengera mipata, ndipo masamu ake ndi apafupi. Ngati galimoto yanu ikuthamanga kuposa ya mnzanu ndi theka la sekondi pa raundi iliyonse, ndipo kwatsala maraundi 20, mukangomudutsa mumusiya ndi masekondi 10. Chilango cha masekondi 5 ndiye n'chiyani pamenepo? Kudutsa mophwanya lamulo kwapindula kuposa kudikira kumbuyo kwake matayala akupsa. N'chifukwa chake mu 2024 chilango cha wodutsira kunja kwa msewu chinakwezedwa kufika pa masekondi 10 pa milandu yambiri. Komabe nawonso 10 amagulika. Ku Austria mu 2024, Verstappen ndi Norris anagundana pakona ya 3, Norris anatuluka mumpikisano, Verstappen anapatsidwa masekondi 10 koma anamalizabe pa nambala 5, malo omwewo amene akanamaliza popanda chilango. Ku Silverstone mu 2021, Hamilton anakhudza tayala lakumbuyo la Verstappen pakona ya Copse, Verstappen anakamenya chotchinga ndi mphamvu ya 51G, kutanthauza kulemera kwa thupi lake kuwirikiza ka 51, n'kupita kuchipatala kukapimidwa, Hamilton anagwira chilango cha masekondi 10 n'kupambanabe mpikisanowo. Oweruza amati amayang'ana cholakwacho osati zotsatira zake. Mfundoyi ili ndi nzeru, chifukwa kukhudzana kofanana kumatha mosiyana malinga ndi mwayi. Koma zotsatira zikatayidwiratu, wolakwa amatuluka ndi phindu ndipo anzake amaphunzirapo.

Palibe anazionetsa bwino kuposa Kevin Magnussen pa mpikisano waufupi wa ku Miami mu 2024. Anatchinga Hamilton raundi ndi raundi, akudula makona ndi kutuluka mumsewu, mpaka zilango zake zinakwana masekondi 35. Kwa iye masekondiwo analibe ntchito, chifukwa cholinga chinali choti mnzake wa timu ya Haas, Nico Hülkenberg, athawe n'kukapeza mapointi, ndipo anawapezadi. Chomwe chinamugwira ndi njira ina: mapointi a chilango olembedwa pa laisensi. Dalaivala akafika pa 12 m'miyezi 12 amaletsedwa mpikisano umodzi. Magnussen anafika pa 12 ku Monza ndipo sanayendetse ku Baku, woyamba kuletsedwa chiyambireni dongosololi mu 2014.

Yerekezani ndi mmene malamulo a galimoto yeniyeniyo amaweruzidwira. Pansi pa galimoto pali thabwa lochindikala mamilimita 10, lomwe linaikidwa mu 1994 kuti matimu asatsitse magalimoto kwambiri. Kwa zaka zambiri, likadyeka koposa milimita imodzi, dalaivala ankachotsedwa pa zotsatira za mpikisano. Michael Schumacher analandidwa chipambano ku Spa mu 1994 pa chifukwa chimenechi, ndipo Hamilton ndi Charles Leclerc anachotsedwa ku Austin mu 2023. George Russell anali woyamba kuwoloka mzere womalizira ku Spa mu 2024, galimoto yake inapezeka yopepuka ndi makilogalamu 1.5 pa 798 ofunika chaka chimenecho, chipambano chinapita. Kumeneko kulibe kukambirana, chifukwa pali sikelo ndi chopimira. Mainjiniya nawo amafunafuna mipata m'mawu a lamulo, monga chokupizira mphepo chokokera galimoto pansi cha timu ya Brabham chomwe Niki Lauda anapambana nacho ku Sweden mu 1978, kapena chiwongolero cha Mercedes cha mu 2020 chomwe dalaivala ankachikoka ndi kuchikankha kuti asinthe kaimidwe ka matayala akutsogolo. Mipata yotere imatsekedwa ndi chiganizo chimodzi chatsopano m'buku. Khalidwe la munthu pakona silitsekeka choncho.

Mbali ina ya vutoli inabwera ndi omanga mabwalo. Kale kunja kwa kona kunali udzu kapena timiyala, ndipo wotuluka mumsewu ankalangidwa pomwepo: galimoto inkazungulira kapena kutitimira. Mabwalo ambiri anathira phula m'malo amenewo, pa zifukwa zomveka. Galimoto yothawa msewu imatha kugwiritsa mabuleki paphula, pamene pa timiyala imatha kudumphadumpha kapena kugubuduzika. Koma phulalo linachotsa mantha. Wodziponya cha mkati akudziwa kuti akalephera kukhota angodutsa pamenepo n'kubwerera, ndipo wokankhidwira kunja saonongeka kwambiri, choncho oweruza nawo amafewa mtima. Ku Austria mu 2023 panali milandu yoposa 1,200 yofunika kuunikidwa ya magalimoto odutsa mzere woyera, ndipo zotsatira zinasinthidwa patapita maola mpikisano utatha. Chaka chotsatira eni bwalolo anaika timizere ta timiyala kuseri kwa makona 9 ndi 10, ndipo milanduyo inatsika kwambiri. Dalaivala yemwe ankati sangaone mzere woyera ali m'kati mwa galimoto anayamba kuuona bwino timiyala titafika.

Kugunda mnzako mwadala ndi nkhani ina, ndipo siyifuna mawu ambiri. Senna anagunda Alain Prost pakona yoyamba ku Suzuka mu 1990 n'kutenga ukatswiri, ndipo patapita chaka anavomera kuti sanafune kupatuka. Schumacher anakhotera pa Jacques Villeneuve ku Jerez mu 1997, iye mwini n'kuthera m'timiyala, ndipo FIA inamufufuta pamndandanda wa chaka chonsecho. Ku Singapore mu 2008, Nelson Piquet Jr anamenya khoma molamulidwa ndi akuluakulu a timu ya Renault kuti mnzake wa timuyo, Fernando Alonso, apindule. Kumeneko si kupinda lamulo, ndi kuika moyo wa anthu pachiswe, kuphatikizapo ogwira ntchito m'mbali mwa msewu omwe alibe chowateteza chofanana ndi cha dalaivala.

Ku America, mu mpikisano wina wa magalimoto wotchedwa NASCAR, malire ali patali chifukwa magalimoto ndi olemera ndiponso matayala ndi ophimbidwa. Kugogoda pang'ono kumbuyo kwa mnzako polowa pakona kuti aterereke n'kukusiyira njira ya mkati kumatengedwa ngati mbali ya masewera, makamaka pa mabwalo aafupi. Koma nakonso kuli polekezera. Ross Chastain atathamangitsa galimoto yake moikhuza kukhoma pakona yomaliza ku Martinsville mu 2022, njirayo inaletsedwa chaka chotsatira. Austin Dillon atagunda Joey Logano ndi Denny Hamlin pa raundi yomaliza ku Richmond mu 2024, chipambano anamusiyira koma anamulanda mwayi womwe chikanamupatsa wolowa m'chigawo cholimbirana ukatswiri.

Mukamaonera kubwereza kwa ngozi, musayambire pomwe magalimoto akhudzana, chifukwa pamenepo zonse zinachitika kale. Bwererani masekondi atatu. Onani chikwangwani cha mamita m'mbali mwa msewu pomwe aliyense waponda mabuleki, ndipo muyerekeze ndi raundi yapitayo. Pa kamera ya m'galimoto yang'anani manja: kodi wa mkati wapinda chiwongolero mokwanira, kapena wachiwongola pakati pa kona kuti akankhire mnzake kunja? Kenako dzifunseni ngati galimoto ya mkatiyo ikanakhota n'kukhala mumsewu pakanakhala palibe wina pambali pake. Oweruza ali ndi zambiri kuposa ife, chifukwa amaona manambala a mabuleki, mafuta ndi chiwongolero kuchokera m'galimoto momwemo. Ndi manambala amenewa omwe anasonyeza kuti Verstappen anaponda mabuleki mwadzidzidzi Hamilton ali kumbuyo kwake ku Jeddah mu 2021, n'kupatsidwa masekondi 10 mpikisano utatha.

Ine ndikanakonda kuti pa mlandu wokankhira mnzako kunja mwadala kapena kusuntha pa mabuleki, oweruza abwerere ku chilango chodutsa osaima mu pit lane, kanjira ka pambali kopita kosinthira matayala. Pa mabwalo ambiri liwiro la mmenemo ndi makilomita 80 pa ola, ndipo kudutsamo kumadya masekondi pafupifupi 20. Chachikulu n'choti chiyenera kugwiridwa m'maraundi ochepa chikangolengezedwa, kotero wolakwayo amabwerera pakati pa gulu, mumphepo yovunduka, n'kuyambiranso kudutsa magalimoto amene anawasiya kale.