Mmene ndinalowera m'shedi ya fodya yosiyidwa ku Kanengo

Wokwera minibasi ya ku Area 25 kapena ya ku Lumbadzi amaziona zinyumba za ku Kanengo. Zina zili pikitipikiti, malole atandanda pageti. Zina zili zii, malata atachita dzimbiri, udzu utafika m'mawindo. Imodzi mwa zoterezi ndinaisuzumira pawindo la minibasi kwa zaka, mpaka mu Okutobala chaka chatha ndinalowamo ndi kamera. Dzina la eni ake sinditchula, ndinalonjeza. Ndingoti kale inali shedi yosungiramo ndi kudindiramo mabelo a fodya, ndipo kanjanji kake kankafika pakhonde penipeni.

Ulendo woyamba ndinachita chibwana. Ndinangotsika pa siteji, n'kukagogoda pageti, m'thumba ndili ndi ya fanta, poganiza kuti nkhani itha pomwepo. Anatuluka alonda achikulire, ndodo m'manja, wailesi ikulira m'kanyumba kawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Achimwene, inu mujambula n'kumapita. Mawa bwana akaona zithunzizo pa Facebook, wochotsedwa ntchito ndi ndani?"

Ndalama ija anaikana. Ndinachita manyazi, koma anandithandiza. Ku Kanengo kulibe nyumba yopanda mwini. Ingaoneke yakufa chotani, pali wina amene ali ndi mapepala ake, ndipo pali wina amene amalipidwa kuti aiyang'anire. Kulowa popanda chilolezo ndi mlandu, koma chimene alondawo anandiopseza nacho si polisi ayi. Malo ngati amenewa amavutika ndi akuba zitsulo ndi mawaya a kopa okagulitsa kwa a sikirapu. Munthu wachilendo akaoneka akudumpha mpanda ndi chikwama kumsana, palibe adzafunse ngati muli kamera. Wina akangokuwa kuti "wakuba!" anthu amatuluka paliponse, ndipo zotsatira zake tonse timazidziwa.

Ndiye ndinayamba njira yaitali. Alonda aja sanali olembedwa ndi eni shedi, koma ndi kampani yachitetezo. Anandiuza nthawi imene supavaiza wawo amadutsa panjinga yamoto. Ndinamudikira Lachiwiri m'mawa, iye n'kundilozera ku ofesi ina ya ku City Centre yomwe imayang'anira nyumbayo m'malo mwa eni ake. Kumeneko anati ndilembe kalata.

Kalata yoyamba ndinailemba mokometsera, za mbiri ya dziko ndi luso la zithunzi. Inagona m'thireyi masabata awiri. Mayi wa pa risepushoni ndiye anandinong'oneza: "Bambo, abwana safuna ndakatulo. Akufuna kudziwa kuti mukavulala sitilipira." Yachiwiri inali ya theka la tsamba: dzina langa, fotokope ya chitupa cha unzika, tsiku ndi maola amene ndikufuna, kuti tidzakhala anthu awiri, kuti sitidzatenga ngakhale msomali, kuti chikwangwani cha kampani sichidzaoneka pachithunzi chilichonse, ndi kuti ngozi ikachitika ndi yanga. Patatha masiku anayi anandiimbira. Anandipatsa maola awiri, Loweruka m'mawa, alonda akhale nafe nthawi yonse. Ndinapempha kuti adinde chidindo pakope yanga, chifukwa pageti mawu a pafoni sagwira ntchito.

Okutobala ndinamusankha dala. Mvula isanayambe udzu umakhala wouma kapena wotenthedwa, ndiye umaona pomwe ukuponda. Komanso msika wa fodya ku okushoni umakhala utatsekedwa, misewu ya m'kati mwa Kanengo ilibe chipwirikiti cha malole. Choipa chake ndi kutentha: pansi pa malata, ikamakwana 10 koloko, umakhala ngati uli m'ng'anjo ya njerwa.

Ndinavala nsapato za jombo zokhuthala pansi, buluku la jinzi ndi malaya aatali manja. Tochi ndinatenga yeniyeni, osati ya pafoni. Ndinadutsanso kuchipatala kukabayitsa katemera wa kafumbata, chifukwa sindinkakumbuka kuti ndinabayitsa liti, ndipo bala lakuya la msomali wa m'dothi ndi khomo la matendawa. Masiki ndinagula kuhadiweya, ya mafiluta m'mbali. Ija yansalu ya nthawi ya Covid siitchinga fumbi losalala. Mnzanga amene ndinapita naye ankandiseka kuti ndikukonzeka ngati wopita kumgodi.

Alonda anawerenga kalata kawiri, n'kuimbira supavaiza, kenako anatsegula. Chinthu choyamba kuona sichinali bwinja koma munda: mizere yolimidwa kale kudikira mvula, mapesi a chaka chatha ataunjikidwa pakona, nkhuku zikupalasa pakati pa njanji. Mtengo wa mango unamera pomwe mabogi ankaima. Madalawo anati zaka zimene akhala pamenepo sanagulepo chimanga chachiwisi.

Njanjiyo ndinaiyang'anitsitsa, chifukwa ndiyo ikufotokoza chifukwa chake shediyo ili pamene ilipo. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo pamapulani a mzinda watsopanowo dera la kumpoto linapatulidwa kuti likhale la mafakitale. Njanji yochokera ku Salima inafika mu 1979, n'kupitirira ku Mchinji chaka chotsatira. Omanga mashedi nthawi imeneyo ankawayang'anitsa kunjanji, osati kumsewu, n'chifukwa chake khonde lake ndi lalitali kufika m'chiuno, lolingana ndi pakhomo pa bogi. Ukaima pakhondepo nkhokwe zazitali za chimanga zija zimaonekera chapatali.

Chitseko chachikulu chinakana kusuntha, mawilo ake anagwirana ndi dzimbiri. Tinalowera kakhomo ka m'mbali. Lamulo la madala linali limodzi: "Pomwe ndaponda ine, pondani pomwepo." Ndinaima kaye mphindi zingapo kuti maso azolowere mdima. Kenako fungo. Sindinayembekezere kuti patapita zaka zonsezi fodya angamvekebe, koma ali m'makoma, wotsekemera pang'ono, wosakanikirana ndi zitosi za mileme. Dzuwa linkalowera m'mabowo a denga ngati mizati yoyera, fumbi likuvina m'menemo. Zithunzi zanga zabwino zonse ndi za theka la ola loyambalo, dzuwa lisanakwere.

Pansi panali mizere yachikasu yosonyeza poyika mabelo, yofufutika koma yooneka. Sikelo yaikulu inali pomwepo, singano yake itaima pamalo amodzi. Pakhoma wina analemba ndi choko manambala a mabelo, pambali pake n'kuwonjezera zigoli za mpira. Makina odindira anachotsedwa kale, kunatsala mabawuti anayi ndi dzenje lake, lakuya kuposa msinkhu wanga, lovindikiridwa ndi thabwa lofumbwa lomwe fumbi linalisandutsa mtundu umodzi ndi simenti. Mnzanga woseka uja anali ataloza phazi komweko, maso ali pafoni, pamene ndodo ya madala inamugunda pachifuwa. Kuyambira pamenepo sanasekenso.

Mbali ina denga linali la asibesitosi, zidutswa zake zitagwa n'kuphwanyika. Likakhala lathunthu silivuta kwenikweni. Likafumbutuka ndi pomwe timaulusi take timalowa m'mapapo, ndipo matenda ake amadzaonekera patapita zaka makumi awiri kapena kuposa. Tinalambalala osaponda, osakankha ndi phazi. Chimodzimodzi kachipinda kena komwe tinapeza zitini zakale za mapiritsi ofukizira tizilombo ta m'fodya ndi m'chimanga. Mapiritsi amenewo akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha, wonunkha ngati adyo kapena nsomba yowola. Zitinizo mwina zinali zopanda kanthu, koma sindinafune kudziwa. Ndinajambula ndili pakhomo.

Pali chithunzi chimodzi chimene ndinachilakalaka n'kuchisiya. Makwerero achitsulo amakwera kukaofesi ka m'mwamba, ka magalasi, komwe kapitawo ankaonera shedi yonse. Kuchokera pamenepo ndikanatenga mizere yonse yachikasu ija pamodzi. Ndinagwedeza chogwirira, fumbi la dzimbiri n'kuyoyoka pomwe chitsulo chimalowa m'khoma. Madala anangoti, "Komanso kuli njuchi." Ndinatchera khutu, n'kumvadi kulira kwake. Ndinatsika pa sitepe yoyamba yomwe ndinakwerapo.

Maola awiri asanakwane tinali panja, thukuta lili kamukamu, madzi atatha. Ndinawaonetsa alonda zithunzi zonse chimodzichimodzi. Ziwiri anati ndifufute: china chinagwira zilembo za dzina la kampani pachitseko, china chinaonetsa pomwe mpanda unagumuka, poti akuba asadziwe polowera. Ndinafufuta iwo akuona. Tinasayina m'buku la pageti nthawi yotulukira. Ya fanta ija tsopano analandira, ati poti ntchito yatha ndipo kalata ilipo.

Kunyumba nsapato ndinazipukuta ndi kansalu konyowa panja, zovala n'kuchapa pazokha, osazikung'untha. Chimene ndinaiwala ndi chitedze cha kumpanda, chomwe chinandigwira pamkono pomwe ndinapinda malaya chifukwa cha kutentha. Ndinakanda usiku wonse.

Lolemba ndinatumiza zithunzi khumi ku ofesi ija monga tinagwirizana. Sanayankhe. Madala aja okha ndiwo anandiimbira Lachinayi, kufunsa ngati chithunzi chawo ataima pa sikelo ndachitsukitsa, akufuna akachionetse kumudzi pa Khirisimasi. Ndinakawapatsira Loweruka, mvula yoyamba itagwa, ndipo ndinawapeza akubzala.