Chifuwa, Bactrim wa achemwali ndi jakisoni wa mawa

Mtima wanga sunakhale pansi chichokereni achemwali. Sitinakwezerane mawu, ayi, koma momwe anatsekera chikwama chawo ndinadziwa kuti ndawakhumudwitsa, ndipo nanenso ndakhumudwa. Zonsezi chifukwa cha mapiritsi awiri.

Anabwera kudzandiona masana. Tili mkati mocheza ndinatsokomola, chifuwa chija chandiyamba kumayambiriro kwa sabata ino. Iwo osafunsa n'komwe, anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa Bactrim wotsala pa mankhwala amene ankamwa iwowo.

"Imwa awiri panopa, awiri usiku. Mawa udzuka uli bwinobwino."

"Pepani achemwali, amenewo ine sindingamwe."

"Chifukwa? Si Bactrim wamba uyu? Aliyense amamwa."

Aliyense amamwadi, koma si aliyense amene amamwanso methotrexate, mankhwala a nyamakazi, kamodzi pa sabata ngati ine. Ndinayesa kuwafotokozera momwe adokotala anga a nyamakazi adandifotokozera. Methotrexate amatsekereza njira imene thupi limagwiritsira ntchito vitamini wotchedwa folate, ndipo trimethoprim amene ali mu Bactrim amatsekereza njira yomweyo. Awiriwa akakumana, mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi amafooka. Maselo oyera amatsika, magazi amavuta kuundana, m'kamwa mumatuluka zilonda. Alipo anthu amene adamwalira nazo zimenezi. Sindinkawaopseza, zalembedwa papepala la m'bokosi la mankhwalawo.

Anandiyang'ana modabwa. "Ine ndimayesa choopsa ndi jakisoni wako uja wa mu furiji."

Apa ndiye nkhani inatalika, chifukwa anthu ambiri amaganiza choncho. Akamva kuti ndimadzibaya ndekha adalimumab, 40 mg pansi pa khungu masabata awiri aliwonse, amayesa kuti ndi iyeyo amene amadana ndi mapiritsi ena. Chonsecho jakisoniyu ndi puloteni, thupi silimugaya momwe chiwindi chimagayira mapiritsi, moti sayambana kawirikawiri ndi mankhwala wamba. Kuopsa kwake kuli kwina. Amagwira kanthu kena ka m'thupi kotchedwa TNF, kamene kamachititsa kuti mfundo zanga zizitupa. Koma TNF yemweyo ndi amene amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta chifuwa chachikulu pamalo amodzi kuti tisafalikire. Ukamuletsa ntchito, zala zimapepuka, koma tizilombo timene tinagona zaka zambiri tikhoza kudzuka.

N'chifukwa chake ndisanayambe jakisoniyu adandijambula m'chifuwa, adandiyeza magazi kuona ngati ndili ndi TB yobisika, adayezanso matenda a chiwindi a hepatitis B, amene nawonso amatha kudzuka chitetezo chikatsika. Zonse zidali bwino. Koma adandiuza mosabisa kuti kuyezako sikunditeteza ku TB imene ndingaitenge mawa, ndiponso kuti mwa anthu a mankhwala ngati angawa TB imakonda kukagwira malo ena osati m'mapapo mokha. Ndiye chifuwa chimene kwa achemwali ndi chongomwera mapiritsi n'kuiwala, kwa ine chiyenera kuonedwa kaye chisanaphimbidwe ndi mankhwala ongotola.

Ndinanena zonsezi, mwina mothamanga, mwina ndi mawu ochuluka. Iwo anaseka pang'ono.

"Iwe masiku ano wasanduka dokotala eti."

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo. Sindinasankhe kudziwa zinthu zimenezi. Ndikanakonda kukhala munthu wongolandira piritsi n'kuthokoza. Koma ndikapanda kukumbukira ine, akumbukire ndani? Dokotala wa mano sadziwa zimene akundipatsa a nyamakazi. Wogulitsa mankhwala amangoona munthu wotsokomola. Ndimayenda ndi kakhadi kolembedwa mayina a mankhwala anga, ndipo paliponse ndimayenera kukatulutsa ndekha, n'kubwereza nkhani yomweyi, n'kumaona nkhope zikusintha ngati kuti ndikudzikweza. Zimatopetsa. Tsiku lina ndidauza munthu wina wa zaumoyo kuti sindingalandire katemera wa tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku, wa katsabola kapena wa yellow fever, iye n'kundiyesa mmodzi wa anthu okana katemera. Pamene ine katemera wa chimfine wochita kubaya ndi wa COVID-19 ndimachita kumufunafuna, chifukwa alibe tizilombo tamoyo timene tingachulukane m'thupi, ndipo ndimamufuna kuposa munthu wathanzi.

Ndipo mndandanda wake sutha. Ibuprofen amene anthu amangomeza mutu ukawawa, ine ndimayenera kufunsa kaye, poti akhoza kuchedwetsa impso kutulutsa methotrexate. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, akawonjezeka pamwamba pa jakisoni, mpata wotenga matenda umakulanso. Mankhwala ena a nyamakazi otsitsa chitetezo, anakinra ndi abatacept, saphatikizidwa ndi adalimumab, chifukwa matenda oopsa amachuluka. Ngakhale opaleshoni imayenera kukonzedwa mogwirizana ndi tsiku la jakisoni. Zonsezi zimakhala m'mutu mwanga nthawi zonse, ngakhale pamene ndikuseka ndi anthu.

Ndasochera. Ndimanena za achemwali.

Atabweza Bactrim m'chikwama anakhala chete kaye, kenako anati, "Nanga bwanji osangousiya jakisoniwo, chitetezo chikwere, chifuwacho chithe?"

Funso limeneli silinandikwiyitse, chifukwa nanenso ndimadzifunsa. Koma sizili ngati kuzimitsa nyale. Pamatenga pafupifupi masabata awiri kuti theka la mankhwalawa lichoke m'thupi, ndipo papepala lake amati munthu azisamalabe ndi matenda mpaka miyezi 4 kuchokera pa jakisoni womaliza. Kusiya lero sikungandibwezere chitetezo mawa. Chimene chingabwerere ndi m'mawa uja wa zala zouma, wolephera kumanga batani, wotsika pabedi ngati nkhalamba. Achemwali m'mawa umenewo amaudziwa. Ndi iwo amene ankabwera kudzandipesa tsitsi manja atakana kukwera. Ndinafuna kuwakumbutsa, koma ndinaona kuti zikhala ngati ndikuwagwiritsa mwala, ndiye ndinangoti, "Ndiimbira anamwino, achemwali, iwo ndi amene anene."

"Chabwino, imbira anamwino ako."

"Ako" ameneyo anamutchula mwa mtundu wina.

Chomwe chikundivuta n'chakuti iwo sanalakwitse mwadala. Anaona mng'ono wawo akutsokomola, anali ndi mankhwala, anapereka. Kwa iwo kukana kwanga kunali kukana chikondi chawo. Ine ndikuona kuti anakhumudwa pachabe, komabe ndikumvetsa. Ndipo mwina chimene chinawapweteka kwambiri si Bactrim, koma kuzindikira kuti thupi langa lili ndi malamulo amene iwo sakuwadziwa, iwo amene adandilera. Anandifunsa kuti nanga methotrexate woopsayo ndimamweranji pamodzi ndi jakisoni. Ndinayankha kuti amathandizana, kuti methotrexate amachepetsa mpata woti thupi lipange asilikali olimbana ndi jakisoniyo, motero mankhwala amakhalitsa akugwira ntchito, ndipo folic acid amene ndimamwa ndi wochepetsa zovuta zake. Anangogwedeza mutu. Sindikukhulupirira kuti ankamvetseranso.

Anamwino ndinawaimbiradi. Anafunsa ngati thupi likutentha, ngati makhololo ali ndi magazi, ngati ndikuonda, ngati ndikupuma movutikira, ngati ndikutuluka thukuta usiku. Anati jakisoni wa mawa ndisabaye, methotrexate wa sabata ino ndidikirenso, mpaka atandiona ndi kundimvetsera m'chifuwa. Anati ngati ndikufuna paracetamol ndiyambe ndadziyeza kutentha kwa thupi, chifukwa akhoza kubisa kutenthako, ndipo kukafika 38 kapena ndikayamba kubanika ndisadikire m'mawa. Jakisoniyo akhale momwemo mu furiji, pa madigiri 2 mpaka 8, sathawa.

Ndinamva kupepuka kuti pali wina amene sanadabwe ndi mafunso anga. Kenako kupepukako kunasanduka mantha, chifukwa ngati iwonso akuti ndisabaye ndiye kuti sindinakokomeze. Pena ndimalakalaka achemwali akanakhala olondola, kuti ndine wamantha chabe.

Madzulo ano achemwali anditumizira uthenga: "Wamwa chiyani ndiye?" Sindinayankhe. Ndikalemba kuti palibe, aziti ndikudzizunza. Ndikalemba zambiri, ndasandukanso dokotala.

Ndadziyeza, thupi silikutentha. Koma funso lija la thukuta la usiku likundibwererabe. Ndinayankha kuti ayi, ndipo nthawi imeneyo ndinkaona kuti ndi zoona. Pano ndikukumbukira kuti usiku wina posachedwapa ndinadzuka khosi la malaya litanyowa. Mwina kunkangotentha, mwina ndinafunda kwambiri. Ndikawauza anamwino mawa akamandiyeza, ndipo ndikafunsenso kuti ngati chifuwachi chikufunika mankhwala opha tizilombo, ndi ati amene sayambana ndi methotrexate, komanso kuti zala zangazi zipirira masiku angati popanda jakisoni, chifukwa chala chapakati chayamba kale kundikumbutsa.